Manja awiri a masamba m'dengu la mnzako

Adzukulu anga, mukamadutsa m'minda ya tiyi pa kabaza kapena pa minibasi, maso anu amangoona kubiriwira kokhakokha mpaka kukagunda phiri la Thyolo, ndiye mumati dziko lokongola. N'lokongoladi. Koma ife amene tidabadwira kuno kwa Khwethemule boma lathu likulembedwabe kuti Cholo, tikudziwa kuti m'mizere imeneyo mudali njala ndi mantha, ndipo chimene chidatifikitsa ku imvi zino ndi tinthu ting'onoting'ono timene amphawi ankachitirana poopa Mulungu, kawirikawiri osatchula n'komwe. Malipiro a pa tikiti ya ntchito m'minda ya tiyi paokha sakadatisunga.

Ambiri a ife makolo athu adali Alomwe ochokera kutsidya, kumene tinkangoti kwa Apwitikizi. Adaoloka Ruo atasenza mphasa, mphika, mbewu ya nandolo ndi kalongonda, kuthawa msonkho ndi chibalo cha kumeneko. Kuno adapeza nthaka yabwino ili kale m'manja mwa Azungu. Tiyi woyamba wa Thyolo adabzalidwa ku Bandanga mu 1908, esiteti ya Satemwa adaiyambitsa Maclean Kay mu 1923, kudalinso ya Mtaliyana Conforzi, ndi Naming'omba ndi Makandi. Ukafuna pomanga kanyumba unkalowa thangata, kugwira miyezi yolipirira malo ndi msonkho, ndipo wokana ankamugwetsera nyumba. Thangata adatha mu 1962, ine ndili kale ndi mwana kumsana.

Mvula ikakhazikika mu Disembala, tiyi ankaphuka mosapumira mpaka cha mu Epulo, ndipo chitsulo choitanira antchito chinkalira tambala atangolira kachiwiri. Amayi anga ankanyamuka ndi dengu kumsana, thumba la chiguduli pamutu kutchinga mvula, mapazi opanda nsapato m'mame ozizira. Kuthyola tiyi kuli ndi lamulo lake, masamba awiri ndi kansonga, ndipo madzulo dengu linkakwera pa sikelo, kalaliki ali ndi buku, kapitawo ali pambali. Dengu likaperewera, tsikulo silinkalembedwa pa tikiti, thukuta lonse lija lapita pachabe. Tsono pankakhala mayi wodwala malungo, kapena wapakati wotopa, kapena nkhalamba ya zala zouma ndi chisanu. Azimayi anzake, poyandikira pamzere wa sikelo, aliyense ankatapa manja awiri a masamba m'dengu lake n'kuponyera m'dengu la wofookayo, maso ali kwina, pakamwa akukamba za mtengo wa mchere. Palibe ankati zikomo pamenepo, kuopa kapitawo, komanso kuti mnzawoyo asachite manyazi. Amayi ankangoti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Iwo adali a Mvano, a bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo ine ndimakhulupirira kuti Chikhristu chawo chinkaoneka bwino pa sikelo paja kuposa pa benchi ya m'tchalitchi.

Njira zathu zinkadutsa alendo ambiri, ena ofuna ntchito m'maesiteti, ena otsikira ku Luchenza kukakwera sitima, ena okwera ku Makwasa, ku Malamulo, mishoni ya a Sabata imene idayamba mu 1902. Kumeneko kudali mudzi wa akhate kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndipo odwala ankayenda masiku ndi masiku kuti akalandire jakisoni. Inu simukudziwa mmene khate linkaopedwera. Wakhate ankamumangira kakhumbi kuseri kwa mudzi, mbale yakeyake, chikho chakechake, akamwalira ena ankakana n'kumuika komwe. Usikunso kudali kwake: anyalugwe m'nkhalango za m'phiri, afisi m'makwawa, amesinjala a msonkho, ndi mphekesera za achifwamba oba anthu. Wogogoda dzuwa litalowa sankamutsegulira msanga.

Tsiku lina la chiperoni, nkhungu itatseka mpaka nkhokwe yosaoneka uli pakhonde, kudamveka odi wa mawu ofooka. Adali bambo wachikulire, ndodo m'khwapa, zala zitatha zonse kungotsala zibakera, mapazi atakulunga nsanza. Ife ana tidathawira kuseri kwa chitseko. Agogo anga aakazi adamuyang'ana, nati, "Lowani m'khitchinimo, bambo, moto ulipo." Adaphika nsima ya makaka ndi nandolo, koma ataona kuti mlendoyo sangathe kutema mbamu, adakhala pansi n'kumamutemera iwo eni, kusunsa m'ndiwo, kumuikira pakati pa zibakera zija. Mmawa adamumangira chinangwa chootcha m'tsamba la nthochi, namuperekeza mpaka pamphambano. Anthu a pamudzi adalankhula, ena adaleka kudzapala moto kwathu kwa kanthawi. Agogo sadakangane ndi munthu. Adangofunsa kuti kodi Ambuye Yesu wakhate uja adamuchiritsa ataima patali, kapena adamukhudza? Mwambi woti mlendo ndi mame adaupeza kwa makolo awo, koma kuti ngakhale wakhate ndi mlendo, zimenezo adazimva kutchalitchi.

Ndiye kudabwera 1949. Mvula idagwa pang'ono n'kudula chimanga chili m'mawondo, dzuwa lidawamba dziko lonse la kumwera, ndipo pofika kumapeto kwa chaka anthu ankakumba mizu ndi zitsa za nthochi, kusinja, kuanika, n'kuphika. Boma lidayamba kugulitsa ndi kugawa chimanga, koma mizere idali yaitali ndipo wopanda mphamvu sankafika. Amuna ambiri adachoka kukasuma, ena osabwereranso. Ogwira ntchito m'maesiteti adaliko ndi phoso, kaufa kochepa, ndipo kaufa kameneko ndiko kadasunga midzi. Amayi ankati akamavundula phala, ankathiramo madzi ena chikho chimodzi, n'kundituma kukaitana ana a mayi wina amene mwamuna wake adamuthawa. Sankanena kuti bwerani mudzadye, ankati kawaitane adzakuthandize kutola nkhuni. Kalongonda naye adatipulumutsa, ngakhale ndi chakudya choopsa: umayenera kumuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi amaledzeretsa ndi kupha kumene. Nkhuni zake n'zambiri, choncho mabanja angapo ankasonkha mphika umodzi, ndipo wopanda choponyamo ankabweretsa nkhuni n'kudya nawo mofanana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo chaka chimenecho mawuwa adayesedwa ndi moto.

Musaganize kuti tonse tinkapemphera pamodzi. Padali a Sabata, a Katolika, a CCAP, ena a mpingo wa Chilembwe wa ku Mbombwe, ndipo pa nkhani ya tsiku lopuma ndi nyama ya nkhumba ankatsutsana mpaka mawu kusasa. Koma Loweruka, a Sabata akapita kokapemphera, ife ndife tinkawaingira anyani m'munda ndi kuwamwetsera mbuzi, Lamulungu iwo n'kutibwezera. Pamaliro sipankafunsidwa mpingo. Amayi a Dorika, otchedwa dzina la mayi wa ku Yopa wosoka zovala za amasiye uja, ankafika ndi ufa m'lichero ndi mtolo wa nkhuni, a Mvano ndi ndowa za madzi, amuna ndi makasu, ndipo ankagona pasiwa mpaka namfedwa atayamba kudya. Mayi wamasiye denga likamudonthera, anyamata a kwaya ankamweta udzu mu Julayi n'kudzafolera, malipiro awo thobwa.

Ine nditakula ndidaona zomwezo zikubwerera kumene zidachokera. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula kutsidya kuja, anthu adaolokanso Ruo, ena ovala makungwa ndi masaka, ndipo m'dziko lonse la Malawi othawa nkhondo adakwana pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri adapita kumakampu, koma ena adangolowa m'midzi yathu, chifukwa chilankhulo chidali chimodzi ndipo mayina a mafuko ankagwirizana. Malo kuno ndi ochepa, mukudziwa nokha mmene tiyi adatipanikizira m'mapiri, komabe munthu ankadula mizere ingapo ya munda wake n'kuuza mlendo kuti bzalanimo chinangwa. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ambiri adabwerera kwawo. Ena adatsala, adakwatira ndi kukwatiwa konkuno, ndipo ana awo ndi amene mumaimba nawo kwaya lero ndi kuvina nawo tchopa.