Mitengo, Fodya ndi Phunziro la Chingerezi ku Simlemba

Munthu woyenda kumpoto kwa boma la Kasungu, m'dera la Mfumu Simlemba, amaona minda ya fodya ndi chimanga itayalana mpaka kumene maso alekezera. Amaonanso zigafa m'mbali mwa midzi, ndi zitsa m'malo momwe kale mudali nkhalango. Pakati pa zonsezi pali sukulu, ndipo m'sukulumo muli mwana amene akuphunzira Chingerezi. Nkhani ya lero ikulongosola m'mene kutha kwa mitengo ndi phunziro la Chingerezi zidayendera padera kwa zaka zambiri, ndi m'mene zidadzakumanira m'kalasi imodzi.

Kalelo dziko la Kasungu lidali ndi nkhalango zoŵirira za mombo, tsamba, msuku, muŵanga ndi mlombwa. Mwana ankadziŵa mtengo uliwonse ndi ntchito yake asanaponde pa sukulu. Ankadziŵa kuti msuku umapatsa zipatso pamene nkhokwe zayamba kupepuka, kuti mombo umapatsa luzi, kuti muŵanga ndi wolimba ndipo chiswe sichiwutha msanga, ndiponso kuti bowa ndi matondo zimapezeka pamene mitengo yachilengedwe idakalipo. Ankadziŵanso kuti mitengo ya kumanda saidula wamba. Nzeru zonsezi ankazilandira kwa makolo m'Chicheŵa kapena m'Chitumbuka, pakuti kumpoto kwa Kasungu ziyankhulo ziŵirizi zimamveka pamodzi.

Sukulu idabwera ndi cholinga china. M'chaka cha 1968 boma lidalamula kuti Chicheŵa chikhale chiyankhulo cha fuko ndi kuti Chingerezi chipitirire kukhala cha ntchito za boma. Ana ankaphunzira m'Chicheŵa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, ndipo kuyambira Sitandade 5 maphunziro ankaperekedwa m'Chingerezi. Omvera amene adaloŵa sukulu m'zaka zimenezo akukumbukira Timve ndi Tsala, ana aŵiri a m'mabuku oŵerenga aja. Chingerezi chidali khomo la ku sekondale ndi la ku ntchito, ndipo wolephera phunziroli sankalandira satifiketi ngakhale akhoze maphunziro ena. Motero mphunzitsi ankalimbikira galamala ndi kalembedwe, ndipo za mitengo ndi nthaka ankasiyira anzake a Ulimi ndi Sayansi.

Kunja kwa kalasi zinthu zinkasintha mofulumira. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, maesiteti a fodya adachuluka kwambiri m'boma la Kasungu, makamaka m'zaka za m'ma 1970. Padali bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ndiponso makampani a Press Farming ndi General Farming. Malamulo a nthaŵi imeneyo ankalola maesiteti okha kulima fodya wa fuluu ndi wa bale. Fodya wa fuluu amauma ndi moto wosazima usana ndi usiku kwa masiku angapo, choncho balani lililonse linkadya milu ya nkhuni. Wa bale amauma ndi mphepo, koma chigafa chake chimafuna mphanda, mitanda ndi mikangala, zomwe zimaola ndi kufumbwa, n'kufunanso zina. Matenanti ochokera m'maboma ena nawonso ankafuna nyumba ndi nkhuni zophikira. Eni maesiteti ankayenera kusunga gawo limodzi mwa magawo khumi a malo awo kuti likhale la mitengo, koma ambiri sadatsate. Pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima bale m'chaka cha 1990, zigafa zidafika pafupifupi m'mudzi uliwonse. Ndalama zidaloŵa m'makomo, koma amayi adayamba kuyenda mitunda italiitali kukafuna nkhuni.

Boma lidaona vutoli. M'chaka cha 1970 nkhalango yaikulu ya kumadzulo kwa Kasungu idakhazikitsidwa kukhala paki yosungirako nyama, ndipo m'chaka cha 1976 padayamba Tsiku Lodzala Mitengo, lomwe linkachitika pa 21 Januwale. Ana a sukulu ndiwo ankanyamula mbande zambiri za bulugamu ndi malaina. Komabe ntchitoyi idali ya khasu ndi ndowa, ya tsiku limodzi pachaka, ndipo sinkaloŵa m'buku loŵerenga.

Maganizo atsopano adachokera ku misonkhano ya maiko. Mu 1972 maiko adakumana ku Stockholm kukambirana za chilengedwe, ndipo mu 1977 adakumananso ku Tbilisi kukambirana za kaphunzitsidwe kake. Kumeneko adagwirizana kuti nkhani ya chilengedwe isatsekeredwe m'phunziro limodzi, koma imveke m'maphunziro onse. Apa mpamene mphunzitsi wa chiyankhulo adapatsidwa gawo lake: ngati mwana ayenera kuŵerenga nkhani kuti aphunzire Chingerezi, nkhaniyo ikhoza kukhala ya mtsinje umene ukuuma kapena ya nthaka imene ikukokoloka.

Ku Malaŵi maganizoŵa adazika mizu m'zaka za m'ma 1990. Lamulo losamalira chilengedwe lidadza mu 1996, ndipo la nkhalango mu 1997, lomwe lidapatsa midzi mphamvu yoyang'anira nkhalango zawo kudzera m'makomiti. Mabuku a sukulu olembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi adayamba kukhala ndi nkhani za mitengo, madzi ndi nthaka, ndipo mitu yotere idazoloŵereka m'zimangirizo za Chingerezi. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe chiyambi chake ndi cha mu 1947, lidalimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Nthaŵi yomweyo, mu 1994, maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ndipo chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni. Zipinda zidachepa, ndipo makalasi ambiri adakakhala pansi pa mitengo. Ana ena adaphunzira koyamba za kutha kwa nkhalango atakhala pa mthunzi wa mtengo umene udapulumuka nkhwangwa.

Komatu kuloŵa m'buku sikutanthauza kuloŵa mumtima. Mwana wa ku Simlemba akhoza kuloŵeza mau oti "deforestation" ndi kulemba bwino zifukwa zake zisanu, koma kope limene akulembamo ndi yunifolomu imene wavala zidagulidwa ndi ndalama za fodya. Chimangirizo chikamangodzudzula odula mitengo, mwanayo amadziŵa kuti akudzudzula bambo wake, ndipo amalemba zokondweretsa mphunzitsi basi. Palinso vuto la mau. Buku limangoti "tree", pamene gogo wa mwanayo ali ndi maina makumimakumi, lililonse ndi ntchito yake. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidatchula Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo izi zidakulitsa udindo wa mphunzitsi wa phunziroli, pakuti iye ndiye amasankha ngati nzeru za kumudzi ziloŵe m'kalasi kapena zitsale pakhomo.

Mbiriyi ikuonetsa kuti phunziro limagwira pamene layambira pa zomwe mwana akuziona. Mphunzitsi angatume ana kukaŵerenga mphanda za chigafa cha kwawo ndi kufunsa kumene zidadulidwa. Angaŵatumenso kwa agogo kukafunsa mitengo imene idali m'mbali mwa dambo, ndipo pobwera alembe m'Chingerezi zimene amva, maina a mitengo ali m'chiyankhulo chawo. Akatero mwana amaphunzira kufunsa, kuŵerengera ndi kulongosola, zomwe mayeso amafuna, komanso amapeza funso lopita nalo kwa bambo wake: kodi mphanda za chaka chamaŵa zidzachokera kuti? Funso limeneli silinyoza mlimi, pakuti mlimi wa fodya ndiye woyamba kuvutika mitengo ikatha.

Masiku ano tsiku lodzala mitengo lija lidasanduka nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mbande yodzalidwa pa sukulu ya ku Simlemba imafuna woithirira ndi woiteteza ku mbuzi ndi moto, ndipo woyenera ntchitoyi ndi mwana amene akudziŵa dzina la mtengowo, ntchito yake, ndi chifukwa chimene udasoŵera m'mudzi mwake.