Mayi amene anatengera chimfine chake kukhoti

Mwambi woti malonda ndi m'maso tonse timaudziwa. Ife a pamsika timautulutsa msanga kasitomala akabwera ndi dandaulo: munaona nokha mayi, munasankha nokha. Azungu nawonso anali ndi mawu awo a Chilatini onena zomwezi, oti wogula ndiye achenjere. Komatu maso amaona tomato, nsalu ndi usipa. Nanga mankhwala a m'botolo, mbewu ya m'paketi, feteleza wosokeredwa m'thumba? Pamenepo simugula ndi maso, mumagula mawu a wogulitsa. Sabata ino ndikufuna ndikuuzeni momwe mawu amenewo anasandukira ngongole pamaso pa lamulo.

Tiyambire ku London m'chaka cha 1891, chaka chomwenso Angelezi analengeza kuti dziko lathu lino lili m'manja mwawo. Nthawi imeneyo anthu a ku Ulaya anali ndi mantha ndi mliri wa chimfine choopsa womwe unayamba mu 1889 n'kupha anthu ambirimbiri. Pamene pali mantha, mukudziwa, wamalonda sachedwa. Kampani ina yotchedwa Carbolic Smoke Ball inkagulitsa kampira ka labala kokhala ndi kachubu. Munthu amalowetsa kachubuko m'mphuno, n'kufinya, n'kukokera mankhwala omwe anali m'katimo. Mu nyuzipepala analemba kuti aliyense amene agwiritse ntchito kampirako katatu patsiku kwa masabata awiri, koma n'kudwalabe chimfine, adzamupatsa mapaundi 100. Pofuna kuti anthu asakayike, anawonjezera kuti asungitsa kale mapaundi 1,000 ku Alliance Bank.

Mayi Louisa Carlill anawerenga, anagula, anatsatira malangizo onse kuyambira mu November. Pofika January 1892 chimfine chinawagwira. Amuna awo, omwe anaphunzira za malamulo, analembera kampaniyo makalata. Poyamba kunali zii. Kenako yankho linabwera loti kampira kawo sikalephera, ndipo pofuna kupewa akathyali, mayiwo azipita ku ofesi tsiku ndi tsiku kukagwiritsa ntchito kampirako pamaso pa mlembi. Tangoganizani, munthu wadwala kale, eti akayambirenso.

Nkhani inapita kukhoti, ndipo apa ndi pomwe pamandisangalatsa. Maloya a kampani ananena zomwe ife timanena. Akuti mawu aja anali ongokometsera malonda, munthu wanzeru sangawatenge ngati lonjezo. Akutinso sungapangane ndi dziko lonse, ndipo mayiwa sanabwere kudzanena kuti avomera pangano. Mu December 1892 majaji atatu a khoti la apilo anakana zonsezo. Anati ngati zinali nthabwala, nanga ndalama za kubanki zija munazitchuliranji? Munazitchula kuti anthu akukhulupirireni, anthu akhulupirira, ndiye lipirani. Anatinso munthu akachita zomwe mwalemba, ndiye kuti wavomera pangano, safunika kukuuzani. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Uku linadulitsa mapaundi 100. Mayi Carlill anakhala ndi moyo mpaka 1942, n'kumwalira ali ndi zaka 96, ndipo chimodzi mwa zomwe dokotala analemba kuti zawatenga chinali chimfine chomwecho.

Mwina mukuti za ku London zikutikhudza bwanji. Mu 1902 atsamunda anakhazikitsa kuti makhoti a kuno azitsatira malamulo ndi zigamulo za ku England, ndiye chigamulo cha Mayi Carlill chinalowa kuno choncho. Mpaka pano ophunzira za malamulo amakumana nacho akangoyamba phunziro la mapangano.

Koma taonani vuto lake. Mayiwa anapambana chifukwa anali ndi wowalembera makalata komanso mphamvu zopirira milandu. Wopanda zimenezo ankangolira m'mimba. N'chifukwa chake maboma amanena kuti kunama pa katundu si mkangano wa anthu awiri okha, ndi mlandu womwe boma lenilenilo liyenera kuimba. Ku Britain lamulo lomwe linatchuka pa zimenezi ndi Trade Descriptions Act la 1968.

Kuno kwathu zinabwera pang'onopang'ono. Bungwe la Malawi Bureau of Standards linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ndi lomwe limayesa masikelo ndi mapampu a mafuta. CAMA, bungwe loyankhulira ogula, inayamba mu 1994, ndale za zipani zambiri zitangobwera. Mu 1998 kunabwera lamulo la mpikisano ndi chilungamo pamalonda lomwe linabala bungwe la CFTC, ndipo mu 2003 lamulo loteteza ogula. Papepala zinali bwino ndithu. Koma mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulo la 1998 lija silinapatse CFTC mphamvu zolipiritsa yokha chindapusa. Galu anali wouwa koma wopanda mano. Aphungu anakonza zimenezi ndi lamulo latsopano la 2024, lomwe limalola kuti kampani yolakwa ilipitsidwe mpaka 10 peresenti ya ndalama zomwe imalowetsa pachaka.

Ine monga wogulitsa sindiona malamulowa ngati mdani. Wogulitsa aliyense ndi wogulanso. Ndikakaoda katoni yolembedwa kuti muli 24 n'kupezamo 22, kapena thumba la makilogalamu 50 losakwana, wobedwa ndine, ndipo ndi ine amene ndikaonekere wakuba kwa kasitomala wanga. Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti dandaulo limayenda bwino ukakhala ndi lisiti, pamene malonda ambiri a dziko lino ndi a ndowa, mbale ndi mulu. Ndowa yophwanyidwira m'kati pansi pake sisiya umboni uliwonse.

Ndipo chikwangwani chija mumachiona m'mashopu ambiri, choti katundu akagulidwa sabwezedwa, dziwani kuti lamulo silimulola wogulitsa kuthawa udindo pa katundu wowonongeka pongopachika mawu pakhoma. A CFTC akhala akuchenjeza za zikwangwani zimenezi kwa zaka. Mukapita kutauni sabata ino, tawerengani kuti muzipeza zingati.