Gecko: Dzina la Nalimata m'Chingerezi

Aliyense amene anagonapo pa Boma la Mwanza m'nyengo yotentha akudziŵa kanyama kotuŵa kamene kamayandikira nyali usiku kudzasaka tizilombo touluka. Ife timati nalimata, pakuti timaona m'mene kamamatirira ku khoma ndi kudenga osagwa. Mukangodutsa malire pa Zóbuè, olankhula Chipwitikizi amati osga. Ana athu kusukulu amauzidwa kuti m'Chingerezi ndi gecko, ndipo amalemba mauwo poganiza kuti ndi Chingerezi chenicheni cha ku London. Si choncho ai.

Ku Mangalande nkozizira, kulibe analimata, motero Angerezi analibe dzina lakelake la kanyamaka. Analibwereka ku chinenero cha Malay, cha anthu a ku Malaysia ndi zisumbu za Indonesia. Kumeneko kuli nalimata wamkulu, wotalika ngati rula ya kusukulu ya masentimita 30, amene amalira mokweza usiku. Eni dziko anamutcha gekok potsanzira kulira kwakeko, monga momwe mwana amaitchulira mbuzi kuti mee. Iwo anatchula chimene anamva ndi khutu, pamene makolo athu anatchula chimene anaona ndi maso, ndipo ine ndikuona kuti dzina lathu likukayenera bwino kanyama ka m'nyumba zathu, kamene kulira kwake nkwapansipansi.

Mauwo anafika ku Ulaya pa zombo za amalonda, makamaka Adatchi amene anamanga likulu lao ku Batavia m'chaka cha 1619. Mu 1758 katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaŵalemba m'buku lake la maina a zamoyo, ndipo m'zaka za m'ma 1700 zomwezo anakhazikika m'Chingerezi.

Nayenso nalimata wathu wa pakhoma anayenda ulendo. Akatswiri amamutcha Hemidactylus mabouia, dzina limene linachokera kwa Mfalansa Moreau de Jonnès, amene anamulemba mu 1818 atamuona ku zisumbu za Caribbean, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Koma kwao kwenikweni ndi kuno ku Africa. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti anaoloka nyanjayo atabisala m'matabwa a zombo zimene zinanyamula akapolo.