Kavalo

Mawu oti kavalo tinawatenga kwa Apwitikizi, omwe amati cavalo. Bulu nayenso ndi wochokera kwa iwo omwe, ku mawu oti burro. Dzina lina la kavalo, loti hatchi, ndi lakummwera, kwa Azulu omwe amati ihhashi. Kavalo ndi hatchi amatanthauza nyama imodzi, koma wowerenga Buku Lopatulika anazolowera akavalo.

Ku Malingunde ambiri dzinali amalidziwa, nyamayo sanaikhudzepo. Zokoka ngolo za chimanga ndi fodya kupita ku Mitundu kapena ku Nathenje ndi ng'ombe zofula ndi abulu. Akavalo sachedwa kufa ndi matenda kuno, ndipo kuwadyetsa kumafuna ndalama.

Ku Friesland, m'dziko la Netherlands, kuli kavalo wakuda bii wotchedwa Friesian, wachifuwa chachikulu, waubweya wautali pamwamba pa ziboda, wokoka ngolo komanso wokwerapo. Kaundula wa mtundu wake anayamba mu 1879, ndipo wogula amayamba wafunsa zikalata za makolo ake. Mlimi wathu alibe kaundula wotere. Pogula ng'ombe amaiyasamulitsa kuti aone mano, n'kuiyendetsa pang'ono, kenako n'kuyamba kunenerera mtengo.