Khonde la Mandala ndi Mabwinja a Fort Lister

Kuno ku Phalombe, pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pali mabwinja a Fort Lister. Boma la atsamunda lidamanga lingali m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadzera popita kugombe ku Mozambique. Malowa ngotetezedwa ndi lamulo, komatu lamulo silifolera nyumba. Asilikali atasamuka, mvula ndi tchire zidalowa ufumu.

Wofuna kuona nyumba ya nthawi imeneyo ili chiimire akwere basi ya ku Blantyre, akafunse pa Mandala. Nyumbayi, imenenso njotetezedwa, idamangidwa mu 1882, zaka 11 Fort Lister asadabadwe. Eni ake adali a kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa John Moir ndi mng'ono wake Frederick. Dzina loti Mandala lidachokera ku magalasi a m'maso amene John ankavala. Mabuku amatchula a Moir, koma oponda dothi ndi kusenza mitengo adali makolo athu omwewa.

Ndi nyumba yosanja, inde, koma zomangira zake nzakumudzi: njerwa, dothi ndi udzu. Nanga yatha bwanji zaka zoposa 140?

Tayang'anani khonde lake. Ndi lotakata, lokhala pansanamira, ndipo lidachita kuizungulira nyumbayo. Mlendo amayesa adalimangira kupitidwapo mphepo ndi kumwerapo tiyi. Zoonadi, koma ntchito yake yaikulu ndi kutchinga khoma. Mdani wa dothi ndi madzi. Mvula yamkuntho ikamawomba chammbali imathera pakhondepo, ndipo madzi otsika padenga amakagwera kutali ndi maziko. Dzuwa la mu October nalo silifika pakhoma, nchifukwa chake m'kati mumazizira bwino. Ife a ku Phalombe, amene tidaona makoma a zidina akusungunuka ngati mchere pa namondwe wa Freddy mu March 2023, sitifunika kutiuza kawiri za madzi ndi dothi.

Bwalo lake adalitchinga kuti pakabuka nkhondo azungu azithawiramo. Mantha amenewo adatha kalekale, koma anthu sadachokemo. M'chipinda chapamwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, momwe amasunga mabuku ndi zikalata zakale. Pamene pali mapepala otero, denga likangoyamba kudontha wina amathamanga ndi beseni, m'mawa mwake nkuitana kalipentala.