Kaundula wa mlangizi wa zaumoyo: mbiri ya kalondolondo wa miliri

Kuno ku Kasungu tonse timamudziwa mlangizi wa zaumoyo, uja amafika pa njinga atanyamula sikelo ya ana ndi kaundula. Ambiri timangomuona ngati munthu wa katemera, chonsecho ntchito yakeyi inabadwa chifukwa cha miliri.

M'zaka za m'ma 1960 boma linalemba anthu oti aziyenda m'midzi kupereka katemera wa nthomba. Kolera italowa m'dziko muno koyamba mu 1973, analembanso ena oti azifufuza odwala ndi kuphunzitsa anthu zaukhondo. Bungwe la WHO linalengeza mu 1980 kuti nthomba yatha padziko lonse, koma boma linaona kuti anthu oyenda m'midziwa ngofunikabe. Ntchito yawo ndi imene inadzasanduka ya alangizi a zaumoyo, ma HSA.

Mu 1998 mayiko a mu Africa anagwirizana, kudzera ku WHO, za njira imodzi yosonkhanitsira malipoti a matenda, yotchedwa IDSR. Mlangizi amauza chipatala chaching'ono, chipatalacho chimauza ofesi ya zaumoyo ya paboma, ndipo ofesiyo imatumiza uthenga ku Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe. Matenda ngati kolera ndi poliyo sadikira lipoti la pamwezi. Amanenedwa nthawi yomweyo.

Phindu la njirayi linaoneka mu 2022. Mu February boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Zoyeza zake zitatumizidwa kunja, akatswiri anapeza kuti kachilomboko nkofanana ndi ka ku Pakistan. Wodwala mmodzi yekhayo anachititsa kuti ana mamiliyoni alandire katemera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Tanzania.

Mu March chaka chomwecho kolera inabuka ku Machinga, ndipo m'kupita kwa miyezi inafika m'maboma onse. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Tsiku ndi tsiku undunawu unkatulutsa chiwerengero cha odwala m'boma lililonse, ndipo manambalawo ankathandiza kudziwa koyamba kutumiza klorini, matenti ndi katemera.

Kwathu kuno nkhaniyi njofunika kwambiri. Chaka ndi chaka anthu amabwera kuchokera m'maboma akutali kudzalima fodya, ndipo nyengo ya fodya ikatha ambiri amabwerera kwawo. Maesiteti ena ali patali ndi chipatala. Munthu akatsegula m'mimba kumeneko nkusungidwa m'nyumba, ku Lilongwe kumaoneka ngati dera lonse lili bwino, ndiye thandizo limapita kwina pomwe anthu akumwabe madzi a pachitsime chomwecho.

Mabanja ena amabisa wodwala poopa manyazi, ena poopa kuti zikavuta achipatala sadzawalola kusambitsa mtembo ndi kuika maliro mwa mwambo wawo. Mantha amenewa ngomveka, ndipo ndi nkhani yoti atsogoleri athu azikambirana ndi achipatala mliri usanafike. Koma wodwala amene sanalembedwe m'kaundula amaika anansi ake pachiswe, iwo osadziwa. Mlangizi akafika pakhomo nkufunsa ngati pali wodwala, timuuze zoona.