Mlomo Unkatsata Munthu ku Malindi

Ana anga, inu mukadutsa pa mlatho wa Shire ku Mangochi, maso ali pa chambo cha m'mbali mwa msewu, simudziwa kuti boma lino kale tinkaliti Fort Johnston, ndiponso kuti kuchokera pamenepo mpaka ku Malindi ndi Makanjira anthu adakhala zaka pafupifupi makumi atatu akuyankhula chonong'ona.

Zidayamba ndi mwana wa kwathu, a Henry Masauko Chipembere, amene adasemphana maganizo ndi Kamuzu mu 1964. Mu February 1965, chimanga chikumasula, anyamata awo adalowa pa boma usiku, natenga mfuti kupolisi, nalunjika ku Zomba. Koma atafika pa Liwonde adapeza bwato loolotsa magalimoto lili tsidya linalo. Ulendo udathera pomwepo. A Chipembere adakamwalirira ku America mu 1975, mnzawo wa pa nkhondoyo a Medson Silombela adawanyonga ku Zomba mu 1966, ndipo ife otsala tidasanduka abale a zigawenga. Anthu a m'mudzi wa Moto adawakweza m'malole, ulendo wa ku ndende ya Dzeleka.

Kuyambira pamenepo dzina la munthu lidayamba kulembedwa. Apolisi a Special Branch sankavala yunifolomu, ankakhala nawo pa bawo, ankagula nawo usipa pa thandala. Apayoniya ndi ayufi a malaya ofiira ankaima pa chipata cha msika kufunsa khadi la chipani, ndipo mayi wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake la utaka, ntchentche zili ng'waa. Koma woopsa kwenikweni adali mnansi. Wina mukakangana za malire a munda, kapena khoka lako likakola zambiri mwera utaleka, ankangopita kukanena kuti uje amalandira makalata ochokera ku Tanzania. Basi. Mawuwo ankalowa m'failo, failoyo nkupita ku Zomba, ndipo iweyo sunkaiona, sunkamudziwa wokunenezayo, ngakhale khoti sunkalipondamo. Akale adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Masiku amenewo unkatsatadi, pa Land Rover, tambala asanalire.

Mamawa tikaona khomo la mnzathu lili pululu, tinkasenza nkhafi nkutsikira kunyanja ngati sitinaone kanthu. Mchere wopita kwa mkazi wake unkayenda usiku, m'kansalu.

Chodabwitsa nchakuti Kamuzu ankadana ndi chikomyunizimu koopsa, koma kachitidwe kake kadali kamodzimodzi ndi ka Stasi, apolisi achinsinsi a dziko lachikomyunizimu la East Germany. Ndipo mpeniwo unkacheka mwini womwe: a Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, adamangidwa mu 1976 pamodzi ndi mkulu wa chipani a Albert Muwalo, ndipo a Muwalowo adanyongedwa chaka chotsatira. Mlakatuli wathu wa kwa Kadango, a Jack Mapanje, adawatenga ku Zomba mu 1987, nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda wowauza mlandu wawo.

Ajeremani adatsegula mafailo a Stasi mu 1992, munthu aliyense nkumakawerenga yekha amene ankamuneneza. Kwathu kuno tidavota pa riferendamu ya 14 June 1993, asilikali adalanda zida apayoniya mu December chaka chomwecho, kenaka padabwera bwalo lopereka chipukutamisozi, kumene ena adalandirako kangachepe. Koma ofesi yoti msodzi wa ku Malindi akawerenge zimene adamulembera sidatsegulidwe. Onenezedwa ndi oneneza adapitiriza kukumbira limodzi manda, ana awo nkumakwatirana, ndipo ena mwa inu agogo anu ali mbali zonse ziwiri.